Kabokosi ka "Black African" pa fomu: tichonge kapena tikane?

Funso lachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Leeds, ku England:

"Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ndakhala kuno zaka zitatu ndikugwira ntchito yosamalira okalamba. Kulikonse kumene ndapita, kaya nkwa GP (dokotala wa m'dera), kusukulu ya mwana kapena pofunsira ntchito, fomu yake imakhala ndi tsamba lofunsa mtundu wa munthu. Bambo a kunyumba amati tizichonga poti sitikufuna kunena, chifukwa zimenezi zikhoza kukathera ku Home Office (unduna woona za olowa ndi otuluka m'dziko) kapena kutimanitsa ntchito. Ine ndimangodabwa: ngati akuti anthu onse ndi ofanana, akufunsiranji za khungu langa? Komanso Black African ndiye mtundu wanji, poti ine ndine Mngoni?"

Mayi, chongani. Kwa GP, kuchipatala, kusukulu ya mwana ndi pa kalembera, ine ndimachonga, ndipo abale anga ndimawauza kuti azichonga. Koma musakawauze bambo kuti katswiri wati mantha awo ndi opanda pake, chifukwa sindinatero. Mantha amenewo ali ndi pochokera, ndipo alipo mafomu ena amene ngakhale ine ndimawabweza tsambalo lili loyera. Ntchito yanga ndi ya ziwerengero za umoyo, choncho timabokosi timeneti ndimakumana nato tikafika mbali inayo, titasanduka mizere pa kompyuta. Ndikuuzani zimene zimachitika kumeneko.

Choyamba chotisokoneza ndi mawu athu omwe. M'Chichewa "mtundu" ndi thumba lalikulu: Mngoni ndi mtundu, Amalawi ndi mtundu, anthu akuda ndi mtundu, ngakhale kufiira kwa chitenje ndi mtundu. Ndiye munthu wakwathu akaona tsamba lija amayesa kuti akufunsidwa zonsezi pakamodzi, makamaka za dziko lake ndi mapepala ake. Fomu sikufunsa zimenezo. Mnyamata wobadwira ku Leeds komweko, wa pasipoti ya Britain, amene sanapondepo pa Chileka, akhoza kuchonga kabokosi komweko kamene mungachonge inu muli pa viza ya ntchito. Kabokosiko sikanena kuti ndani ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno.

Nanga amafuniranji? Ndiyankhe ndi nkhani ya uchembere. Mzamba wa kuno akhoza kugwira ntchito zaka zambirimbiri osaonapo mayi akumwalira pobereka, chifukwa imfa zotere ndi zosowa. Choncho palibe mzamba, dokotala kapena chipatala chimodzi chimene chingaone ndi maso kuti amayi a mtundu wakuti ndiwo akufa kwambiri. Zimaoneka pokhapokha wina asonkhanitse imfa zonse za m'dziko lonse kwa zaka zingapo nkuzigawa m'mitundu. Ntchito imeneyi amaichita a MBRRACE-UK, amene likulu lawo lili ku yunivesite ya Oxford. Lipoti lawo la 2018, loona zaka za 2014 mpaka 2016, linapeza kuti mwa amayi achizungu 100,000 alionse oyembekezera kapena ongochira kumene, ankamwalira pafupifupi 8. Mwa amayi akuda ankamwalira pafupifupi 40. Kasanu. Dziko lomwelo, zipatala zomwezo.

Taonani bwino mmene masamu ake amayendera, chifukwa apa mpamene kabokosi kanu kamagwira ntchito. Pamafunika manambala awiri: ya amene anamwalira, ndi ya onse amene anabereka. Yachiwiriyo imachokera kwa amayi zikwizikwi amene anachira bwinobwino nkubwerera kunyumba atafukata ana awo, amene anangochonga kabokosi tsiku loyamba la sikelo osaganizirakonso. Popanda iwowo, imfa zija zikanangokhala maliro a mabanja osiyanasiyana, banja lililonse nkumati ndi tsoka lathu. (Musachite mantha ndi 40 ameneyu ngati mukuganiza zopatsa mwana wanu mng'ono wake. Kafukufuku wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 ku Malawi anapeza 439 pa 100,000. Nkhani apa si yakuti kuno nkoopsa. Nkhani ndi yakuti mayi wakuda ndi wachizungu sakutuluka mofanana pa khomo limodzi.) Nambala ija itatuluka, amayi awiri akuda anayambitsa gulu lotchedwa Five X More mu 2019, nkhani inakafika mpaka ku Nyumba ya Malamulo, ndipo lero palibe mkulu wa chipatala amene anganene kuti sanamvepo. Malipoti a pambuyo pake akuonetsa kuti kusiyanako kwatsika kufika cha m'ma kawiri kapena katatu, ngakhale mwa zina nchifukwa choti imfa za amayi achizungu nazo zinakwera, zimene si zosangalatsa kwa wina aliyense.

Mliri wa Covid unationetsa mbali ina: zimene zimachitika ngati funso silinafunsidwe nkomwe. Mu Epulo 2020 anthu anayamba kudabwa ndi zithunzi za m'nyuzipepala, poti madokotala khumi oyamba kulengezedwa kuti amwalira ndi matendawa onse anali ochokera m'mitundu yocheperako, osati achizungu a kuno. Koma zithunzi si umboni. Ofesi ya ziwerengero ya ONS itafuna kudziwa zoona, inapeza kuti satifiketi ya imfa ku England inalibe malo olembapo mtundu wa womwalirayo. Anachita kutenga mayina a omwalira nkuwafananiza ndi mayankho a kalembera wa 2011. Mu Meyi 2020 analengeza kuti poyerekeza anthu a misinkhu yofanana, amuna akuda ankamwalira ka 4.2 kuposa amuna achizungu, amayi akuda ka 4.3 kuposa amayi achizungu. Atachotserapo za umphawi, malo okhala ndi zina zotero, kusiyanako kunatsika kufika pa 1.9, kusonyeza kuti gawo lalikulu la vuto linali ntchito zimene anthu akuda amagwira ndi nyumba zimene amakhala, osati magazi awo. Koma taganizani: aliyense amene anafika kuno pambuyo pa 2011 sanali m'masamu amenewo. Munthu ngati inu, wosamalira okalamba, amene akanakhala kutsogolo kwenikweni kwa mliri, sakanaoneka konse.

Kwa GP kuli chifukwa china chokhudza inu mwini, osati gulu. Malangizo a NICE, bungwe lolangiza madokotala a kuno za kachiritsidwe, amati munthu wochokera ku Africa kapena ku Caribbean amene wapezeka ndi BP koma alibe shuga, ayambe ndi mankhwala a gulu la amlodipine, chifukwa a gulu lina limene amayambira achizungu ocheperako zaka sagwira bwino mwa ambiri a ife. Amatinso chiopsezo cha shuga chimayamba thupi lisanakule kwambiri mwa anthu akuda ndi a ku Asia, motero muyeso wa BMI (woyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu) wowachenjezera ndi wotsikirapo. Kusikelo amafunsa kumene makolo a mayi ndi a bambo anachokera pofuna kudziwa za matenda a magazi otengera ku makolo a sickle cell. Ndipo bambo a kunyumba adziwe izi: mwa amuna akuda a kuno, mmodzi mwa 4 adzapezeka ndi khansa ya prostate pa moyo wake, pamene mwa amuna onse ndi mmodzi mwa 8. Sindikuti kabokosi ndi kuyeza magazi ayi. Ndi kungoyerekeza chabe, ndipo nthawi zina madokotala analakwitsa nako. Kwa zaka zambiri zotsatira za impso za anthu akuda ankazikweza ndi nambala ina poganiza kuti matupi athu ndi osiyana, zimene zinkabisa matenda mwa ena, mpaka NICE inachotsa zimenezo mu 2021. Koma amene anaona cholakwikacho anachionanso chifukwa ziwerengero zinalipo.

Tsopano funso lanu lomaliza lija, limene landisangalatsa kuposa onse: Black African ndiye mtundu wanji? Mukunena zoona, si mtundu. Ndi dengu. Pa kalembera wa pa 21 Malichi 2021, anthu pafupifupi 1.5 miliyoni ku England ndi Wales analowa m'dengu limeneli. Muli dokotala wa ku Nigeria amene anabwera ndi digiri yake, muli banja la ku Somalia limene linathawa nkhondo, muli wa ku Congo wolankhula Chifalansa, muli inu. Moyo wawo kuno si umodzi. Ndipo dengu limeneli ndi laling'ono kale poyerekeza ndi lija linkatchedwa BAME, limene linkaphatikiza aliyense amene si mzungu, kuyambira Mtchaina mpaka wa ku Jamaica. Boma linavomera kusiya mawu amenewo lipoti la Sewell la 2021, loona za kusiyana kwa mitundu, litalangiza choncho, ndipo ngakhale lipotilo lili ndi zambiri zimene sindigwirizana nazo, apo pokha linakhoza.

Kuipa kwa dengu lalikulu kumaoneka bwino kusukulu. Mukaphatikiza ana onse akuda, zotsatira za mayeso a kusekondale a GCSE zimaoneka zapakatikati, zosachititsa munthu kutembenuka. Mukawagawa, mupeza kuti ana a makolo ochokera ku Africa amakhoza bwino kuposa ana a makolo ochokera ku Caribbean, ndipo nthawi zambiri kuposanso ana achizungu a kuno, pamene a ku Caribbean ali m'mbuyo ndipo amachotsedwa sukulu kwambiri. Gulu limodzi likukwera, lina likuvutika, avereji nkumati zonse zili bwino. Mbali ya achizungu nchimodzimodzi: ana a Gypsy, Roma ndi Irish Traveller ndiwo amakhoza motsika kuposa wina aliyense m'dziko muno, koma mukangolemba White amasowa ngati mchere m'madzi. Nchifukwa chake timabokosi takhala tikuwonjezeka. Funso la mtundu linayamba kufunsidwa pa kalembera wa 1991. Pofika 2021 timabokosi tinali 19, Roma atapatsidwa kawo, ndipo amene wachonga African anapatsidwa mpata wolemba yekha kumene akuchokera. Unduna wa maphunziro ulinso ndi mndandanda wina wautali umene makhonsolo ena amagwiritsa ntchito, wosiyanitsa a ku Angola, Congo, Ghana, Nigeria, Sierra Leone, Somalia ndi Sudan. Ife mulibemo. Timagwera pa "ena a ku Africa".

Ndiye mukapeza mpata wolemba, mulembe chiyani, Ngoni kapena Malawian? Ine ndingati Malawian, ndipo si chifukwa chonyoza Ungoni wanu. Kugawa kuli ndi malire ake. Ngati mu mzinda wonse muli Angoni asanu ndi awiri amene alemba choncho, wowerengera sangachite nawo kanthu: nambala ndi yochepa kwambiri kuti inene chilichonse, ndipo kuitulutsa kungakhale ngati kuloza munthu chala, poti wodziwa Amalawi a ku Leeds akhoza kungoti uyu ndi mayi uje. Malamulo a ntchito yathu amatiuza kubisa manambala ang'onoang'ono otere, kapena kuwaponya m'dengu la "ena". Koma Amalawi onse akalemba mawu amodzi, nambala imakula mpaka khonsolo kapena chipatala chikhoza kuona kuti m'dera muno muli anthu ofunika womasulira Chichewa, kapena kuti anthu amenewa sakubwera kudzayezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Komanso kusalidwa kumene mungakumane nako kuno sikufunsa ngati ndinu wa kwa Gomani kapena wa kwa Kalonga. Wokusalani amaona khungu, amamva kalankhulidwe, amawerenga dzina. Pali chinanso choseketsa pang'ono: ku Leicester kuli Amwenye ambiri obadwira ku Limbe ndi ku Blantyre, ena olankhula Chichewa chokoma kuposa cha ana athu, koma pa fomu ambiri amachonga Indian, Umalawi wawo nkukhala wosaoneka. Palibe fomu imene inakwanapo munthu yense.

Tibwere kwa bambo. Amene amaopa kulembedwa mtundu sanalote. Ku Rwanda atsamunda a ku Belgium, m'zaka za m'ma 1930, analemba pa chitupa cha munthu aliyense kuti ndi Mhutu, Mtutsi kapena Mtwa, ndipo mu 1994 anthu ankaphedwa pa marodibuloko chifukwa cha liwu limodzi limenelo. Ku South Africa lamulo la 1950 la Population Registration Act linagawa anthu onse m'mitundu, mpaka akuluakulu a boma ankalowetsa pensulo m'tsitsi la munthu kuti aone ngati igwe; linathetsedwa mu 1991, ndipo agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni anaona ndi maso mmene pepala limodzi limalamulira kumene munthu agone ndi kumene ayende. Ku Netherlands kaundula wa anthu anali wolongosoka kwambiri, wolemba ndi chipembedzo chomwe, ndipo chipani cha Nazi chitalanda dzikolo chinamupeza ali wokonzakonza. Ayuda pafupifupi atatu mwa anayi alionse a m'dzikolo anaphedwa. Dziko la France mpaka lero silifunsa funsoli pa kalembera wake.

Ndipo tisanamizane kuti kuno nkoyera. Mu Januwale 2017 panadziwika mgwirizano wa pakati pa Home Office ndi nthambi yosunga mbiri za odwala ya NHS Digital, wolola kupereka mayina ndi maadiresi a anthu amene ankafunidwa pa nkhani za mapepala. Madokotala ndi aphungu anakuwa mpaka unaimitsidwa mu 2018. Masukulu nawo, kuyambira 2016, anauzidwa kuti azifunsa dziko limene mwana anabadwira ndi unzika wake, makolo ambiri anakana, boma nkusiya mu 2018. Chaka chomwecho nkhani ya Windrush inaphulika, anthu okalamba, ambiri ochokera ku Caribbean, amene anakhala kuno mwalamulo zaka makumi ambiri atapezeka akuchotsedwa ntchito, ena kuthamangitsidwa kumene. Bambo akamati sakhulupirira, ali ndi zifukwa.

Koma taonani chimene chinkaperekedwa pa zonsezi: dzina, adiresi, tsiku lobadwa, unzika. Osati kabokosi ka Black African. Home Office safunikira kabokosi kameneko kuti idziwe kuti ndinu Mmalawi; inatenga zidindo za zala zanu ndi chithunzi chanu tsiku limene munafunsira viza. Bwana wanu naye anaona mapepala anu asanakulembeni ntchito, chifukwa lamulo limamukakamiza. Kusachonga sikukubisani kwa amene bambo akuwaopa. Kumangokubisani kwa amene akuwerenga kuti aone ngati mukusalidwa.

Pa za ntchito nchimodzimodzi. Mu 2019 ofufuza a ku Nuffield College ku Oxford anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anatumiza makalata ofunsira ntchito oposa 3,000, ofanana maphunziro ndi luso, osiyana mayina ndi kochokera basi. Anapeza kuti wa dzina lachilendo ankafunika kutumiza makalata ochuluka ndi 60 peresenti kuti ayankhidwe mofanana ndi wa dzina lachizungu. Panalibe kabokosi pamenepo. Dzina lokha la Phiri kapena Chimwemwe pamwamba pa CV linena kale zonse. Tsankho silidikira fomu. Kumalo akuluakulu monga NHS (zipatala za boma), khonsolo kapena yunivesite, tsamba lija amalichotsa fomu isanafike kwa osankha, nkulisunga padera, kuti kumapeto kwa chaka aone kuti mwa akuda amene anafunsira, angati anaitanidwa ku intavyu, ndipo angati analembedwa. Lamulo la Equality Act la 2010 limaletsa kukana munthu ntchito chifukwa cha mtundu, limaletsanso kumulemba chifukwa cha mtundu wokha, choncho musayembekezenso kuti kuchonga kukudumphitsani mzere.

Kusiyana kwa Rwanda ndi fomu ya kwa GP ine ndimakuona chonchi. Kumeneko boma ndilo linkanena kuti iwe ndiwe yani, linkadinda pa pepala limene unkayenda nalo m'thumba, ndipo pepalalo ndilo linkalamula chochitika kwa iwe pachipata. Kuno umanena wekha, nthawi zambiri ukhoza kukana kapena kusintha, ndipo yankho lako limakalowa mumulu kuti likayese chipatala, sukulu kapena polisi. Kwina ankadinda munthu, kwina akuwerenga gulu kuti agwire ofesi. Fomu iliyonse ndimaiyesa pamenepo.

Kuwerenga kumeneku sikunabwere chifukwa cha chifundo cha boma. Stephen Lawrence, mnyamata wakuda wa zaka 18, anaphedwa pa malo okwerera basi ku Eltham mu London mu Epulo 1993, apolisi nkuyendetsa mlanduwo mwachisawawa. Makolo ake analimbana zaka zambiri mpaka lipoti la Macpherson la 1999 linanena poyera kuti tsankho linali lokhazikika m'kayendetsedwe ka polisi. Lamulo la 2000 lotsatira pamenepo linapatsa maofesi a boma udindo woonetsa kuti akuchitira mitundu yonse mofanana, ndipo sungaonetse chimene sunawerenge. Walira mvula walira matope: amene akufuna kuti tsankho ligwidwe ayenera kulola kuwerengedwa.

Komabe ndikhala wabodza ndikakuuzani kuti kuwerenga kumachiritsa. Apolisi akhala akulemba mtundu wa anthu amene amawaimitsa ndi kuwasecha pamsewu kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo chaka ndi chaka nambala imanena zomwezo. M'chaka cha 2019 mpaka 2020 munthu wakuda ankasechedwa pafupifupi ka 9 kuposa mzungu. Pambuyo pake zinatsika kufika cha m'ma 4, koma gawo lina la kutsikako linabwera chifukwa kalembera wa 2021 anaonetsa kuti akuda ndi ochuluka kuposa mmene ankaganizira. Nambala ya anthu onse akuda, imene amayerekezera nayo, inakula. Mu 2017 boma la Theresa May linatsegula tsamba la pa intaneti loika poyera ziwerengero zonse za mitundu, ndipo chaka chomwecho phungu David Lammy, m'lipoti lake la makhoti ndi ndende, anapereka mfundo imene ndimaikonda: ofesi ikapezeka kuti ikusiyanitsa mitundu, ifotokoze chifukwa chomveka, ikalephera isinthe. Mfundo yabwino, koma ambiri amathera pa kufotokoza. Ndakhalapo m'misonkhano imene tebulo lomwelo limaonetsedwa chaka chachitatu, anthu nkugwedeza mitu mwachisoni, tiyi nkumwedwa, nkubalalika. Zimanditopetsa. Koma ndaonanso kuti pamene palibe nambala, ngakhale msonkhano wotopetsawo sukhalapo; amangokuuza kuti ndi maganizo ako.

Vuto lina lili ndi ife owerengera ndi olemba. Chipatala china chimene ndinagwirako chinanditumizira mbiri za odwala kuti ndione ngati amayi a mitundu yonse akubwera kusikelo pa nthawi yake. Nditatsegula, mizere yambirimbiri inali yolembedwa kuti sizikudziwika, ina "mtundu wina uliwonse". Nditapita kukakhala pa resepishoni m'mawa wina ndinaona chifukwa chake. Mtsikana wa pa desiki, mzere utafika pakhomo, ankachita manyazi kufunsa. Ankangokweza maso, kuyang'ana nkhope, nkudina chimene waganiza. Mayi wina wovala hijabu, amene ndinamva akulankhula Chiswahili pa foni, analembedwa kuti ndi wa ku Asia. Mu 2021 bungwe la Nuffield Trust linapeza kuti mavuto otere ndi ofala m'mbiri za zipatala za ku England, ndipo amagwera kwambiri anthu a mitundu yocheperako. Ndiye dziwani kuti mukasiya malowo, si nthawi zonse amakhala opanda kanthu. Wina akhoza kukuchongerani.

Kwathu nkhaniyi timaidziwa mwa njira yathu. Fomu ya ku Malawi siifunsa khungu, imafunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, ndipo aliyense amadziwa chimene mayankho amenewo amaulula. Kalembera wa 2018 anafunsa mtundu mwachindunji: Achewa 34.4 peresenti, Alomwe 18.9, Ayao 13.3, Angoni 10.4, Atumbuka 9.2, ena nkumatsatira. Kota ya kuyunivesite, yosankha ophunzira potengera maboma, inayamba nthawi ya Kamuzu, inabwereranso nthawi ya Bingu wa Mutharika, nkuthetsedwa mu 2020, ndipo mpaka lero ena amati inali chilungamo, ena amati inali chilango kwa ana a kumpoto. Nduna zikasankhidwa, tonse timatenga mndandanda nkumawerenga mayina kuti angati ndi akwathu. Choncho kuwerenga mitundu timawerenga ndithu, kungoti timawerengera m'mabawo ndi pa WhatsApp. Sindikunena kuti Malawi atengere fomu ya ku Britain mmene ilili. Kumene mavoti amatsata zigawo, nambala ya mtundu imasanduka chida msanga. Ndikungoti mantha amene munabwera nawo pa funsoli ndi a kwathu, ndipo ndi omveka, koma fomu ya ku Leeds ili pansi pa malamulo ena.

Malamulowo ndi awa mwachidule. Pansi pa malamulo oteteza mbiri za anthu a UK GDPR ndi Data Protection Act ya 2018, mtundu wa munthu uli m'gulu la zinthu zotetezedwa mwapadera, limodzi ndi matenda ndi chipembedzo. Wofunsa ayenera kukuuzani chifukwa chake ndi amene adzaone. Muli ndi ufulu wopempha kuona zimene analemba za inu, kukonzetsa zolakwika, ndi kukadandaula ku ofesi yoyang'anira malamulowa ya ICO. Pa kalembera pokha funsoli ndi lokakamiza, koma mayankho a munthu payekha amatsekeredwa zaka 100. A kalembera wa 1921 anatsegulidwa mu 2022.

Nanga ine ndimakana pati? Alandilodi kapena ejenti wa nyumba akandifunsa mtundu ndisanapatsidwe nyumba, sindiyankha. Kakampani kakang'ono kamene munthu wolandira fomu ndi yemweyo wolemba ntchito, tsamba la mtundu lili lomatidwa ku CV, ndimachonga poti sindikufuna kunena, ndipo palibe mlandu. M'ntchito yanu yosamalira okalamba timakampani totere ndi tambiri, makamaka maejensi amene viza ya munthu ili m'manja mwawo, choncho apo bambo ndingawavomereze. Mafunso ongozungulira pa foni opanda dzina la bungwe, ayi. Pena paliponse pamene mukukayika, funsani zinthu ziwiri basi: tsambali aliona ndani, ndipo likathandiza chiyani? Wa pa desiki woona amayankha mosavuta kapena amakusonyezani pamene zalembedwa. Akayamba kuzungulira, siyani.

Mukadzapitanso kwa GP, funsani pa resepishoni kuti pa mbiri yanu analemba mtundu wanji, ndipo ngati ndi zolakwika kapena palibe kanthu, akonze pomwepo. Sizitenga mphindi ziwiri. Bambo muwatenge, akayezetse BP, ndipo ngati afika zaka 45 akafunse za prostate. Za mwana, panopa mukumuchongera ndinu, ndipo Black African ndi yokwanira. Akadzakula akhoza kudzakuuzani kuti iye ndi Black British, kapena kulemba Malawian, mwinanso Ngoni amene ndakuletsani inu uja. Musadzakangane naye pamenepo, sukulu ndi chipatala zimalola kusintha.